Wosewera wa ganyu ndiye adziwa kufotokoza mpira: nkhani ya Tim Legler

Mu Ogasiti 2025 kampani ya ESPN ya ku America idalengeza kuti Tim Legler, wosewera wakale wa basketball, walowa m'gulu lake loyamba la oulutsa masewero a basketball a mu ligi ya NBA, gulu lomwe limapatsidwa masewero onse akuluakulu mpaka fainolo, ndipo kuti azikhala pamodzi ndi Mike Breen ndi Richard Jefferson. Pa nthawiyo n'kuti Legler ali ndi zaka 58, atagwira ntchito pa kampani yomweyo kuyambira chaka cha 2000. Ine ndikuona kuti chisankhochi chidali choyenera, koma ndikuonanso kuti chidachedwa mopitirira muyeso, ndipo kuchedwako kukuulula matenda omwe wailesi za kanema zili nawo posankha anthu otifotokozera masewero. Zimathamangira munthu wa dzina lomveka, n'kumasiya pambali amene mpirawo adauphunzira movutikira chifukwa chakudya chake chidali pomwepo.

Owerenga ambiri, ngakhale otsatira basketball mwachidwi, sangakumbuke Legler ali pabwalo, ndipo palibe chodabwitsa. Adabadwa pa 26 Disembala 1966 mumzinda wa Washington, adakulira ku Richmond m'chigawo cha Virginia, ndipo adasewerera sukulu yaukachenjede ya La Salle ku Philadelphia kuyambira 1984 mpaka 1988. Chaka chomwe adamaliza sukulucho, matimu a NBA adasankha osewera atsopano 75 pa mwambo wawo wa chaka ndi chaka wotchedwa draft, koma dzina lake silidamveke. Mnyamata wa ku America akasiyidwa pa mwambo umenewu amakhala wauzidwa, ngakhale popanda woyankhula, kuti akasake ntchito ina. Legler sadakasake ntchito ina. Adalowa m'maligi aang'ono, makamaka ya CBA komwe adasewerera Rochester Flyers kenaka Omaha Racers, adasewerakonso mu ligi ina yaing'ono ya USBL, ndipo adawoloka nyanja mpaka kukafika ku Limoges m'dziko la France. CBA ya masiku amenewo idali ligi ya malipiro ochepa ndi maulendo ataliatali, yoseweredwa m'mizinda yomwe NBA siinkafikako, ndipo woseweramo aliyense ankagona khutu lili ku foni, kuyembekeza kuti mwina timu ina ya NBA yomwe wosewera wake wavulala imuitana.

Kuitanidwa kotero nthawi zambiri kumabwera ndi kontrakiti ya masiku 10. Malamulo a NBA amalola timu kupatsa wosewera mmodzi kontrakiti yotere kawiri kokha pa sizoni. Yachiwiri ikatha, timuyo iyenera kumusunga mpaka sizoni ithe kapena kumutsanzika. Tisazungulire, ameneyu ndi ganyu, ngakhale malipiro ake ndi onona. Taganizirani zomwe munthu wofika pa ganyu wotereyu ayenera kuchita. Watsika ndege lero, mawa timu ili ndi masewero. Apatsidwa makonzedwe onse a kochi, kaseweredwe kalikonse kali ndi dzina lake ndi chizindikiro chake, ndipo ayenera kuwaloweza usiku womwewo, chifukwa kochi akamudzutsa pa benchi kwa mphindi zinayi iye n'kukaima pamalo polakwika, mwayi wachiwiri sungapezekenso. Katswiri akamalephera kutsatira dongosolo, timu ndiyo imasintha dongosololo kuti limuyenere. Wa ganyu akalephera, amalongedza chikwama. Pachifukwa chimenechi wosewera woyendayenda amakakamizika kudziwa ntchito ya anthu onse asanu a pabwalo, osati yake yokha, popeza sangadziwe komwe akufunika asanadziwe komwe anzake anayi akulowera.

Matimu omwe Legler adadutsamo m'zaka zoyambazo akuonetsa bwino mtundu wa sukulu yomwe adaphunzira. Adayamba ndi Phoenix Suns mu 1990, masewero ochepa chabe. Kenaka adapezeka ku Denver Nuggets mu sizoni ya 1990-91, pansi pa kochi Paul Westhead, amene ankafuna kuti mpira uziponyedwa mwamsangamsanga adani asanabwerere n'komwe, moti timuyo inkachinyidwa mapointi oposa 130 pa masewero tikatenga avereji, ndipo idapambana masewero 20 okha mwa 82. Patapita zaka ziwiri adakhalako kanthawi ku Utah Jazz ya Jerry Sloan, komwe zinthu zidali zosiyana kotheratu, chifukwa kumeneko chilichonse chinkayenda mwa dongosolo lokhwima lozungulira John Stockton ndi Karl Malone. Stockton adasewera zaka 19 ku timu imodzi yomweyo, ndipo palibe angatsutse kuti njira ya ku Utah adaidziwa kuposa munthu wina aliyense. Koma wothirira ndemanga safotokoza timu imodzi. Lero afotokoza timu yothamanga, mkuja yodekha, ndipo amene adalawako mbali zonse ziwiri ali ndi poyambira pomwe mnzake wokhazikika alibe.

Malo oyamba omwe Legler adakhazikikako pang'ono ndi Dallas Mavericks, timu yomwe mu sizoni ya 1992-93 idapambana masewero 11 n'kugonja 71, ndipo sizoni yotsatira idapambana 13 okha. Anthu amatchula zimenezi ngati chilema pa mbiri ya munthu, koma pa ntchito yofotokoza masewero ine ndimaziona ngati chuma. M'masewero alionse mumakhala timu yogonja, ndipo theka la ntchito ya wothirira ndemanga ndi kutiuza chomwe chikulakwika kumbali imeneyo. Munthu amene adakhala m'chipinda chovalira cha timu yogonja usiku ndi usiku amadziwa momwe osewera amayambira kulozana zala, momwe wina amalekera kubwerera kudzatchinga akaona kuti sakupatsiridwa mpira, ndi momwe timu imataya masewero mphindi zisanu zigoli zisanayambe kuonetsa. N'zochititsa chidwi kuti mnzake wa pa timu yomweyo, Jim Jackson, amene adasankhidwa pa nambala 4 pa draft ya 1992 koma n'kudzasewerera matimu 12, nayenso lero ndi wothirira ndemanga wodalirika.

Chaka chake chenicheni chidafika mochedwa, ali ndi zaka 29. Atadutsa ku Golden State Warriors mu 1995, adalembedwa ndi Washington Bullets, timu yomwe idali ndi Juwan Howard, Chris Webber ndi chimphona cha ku Romania, Gheorghe Muresan. Mu sizoni ya 1995-96 Legler adalowetsa 52.2 peresenti ya mipira yomwe adaponya kuseri kwa mzere wa mapointi atatu, ndipo adatsogola ligi yonse, patsogolo pa Steve Kerr wa Chicago Bulls. Mu Febuluwale 1996, pa chikondwerero cha All-Star, chomwe chimasonkhanitsa akatswiri osankhidwa a ligi yonse, ku San Antonio, adapambana mpikisano wa oponya kutali. Pa mpikisanowu nthawi imeneyo pankakhala malo asanu ozungulira mzere, malo alionse ali ndi mipira isanu, mpira womaliza uli wa mapointi awiri, ndipo zonse zinkayenera kutha m'mphindi imodzi. Legler adapeza mapointi 23, 22 ndi 20 m'ndime zitatuzo, nagonjetsa Dennis Scott wa Orlando Magic m'ndime yomaliza. Wokonda Legler aliyense ayenera kuvomereza kuti kuyambira 1994 mpaka 1997 NBA idali itasendeza mzerewo pafupi ndi ringi, kuchoka pa mamita 7.24 kufika pa 6.71, zomwe zidathandiza oponya onse. Koma mzerewo udasendezedwera aliyense, ndipo chaka chimenecho palibe amene adamuposa.

Sizoni yomweyo isanathe adaduka mtsempha wa m'bondo. Sadasewerenso sizoni yathunthu, ndipo adamalizira ku Golden State mu 2000, atasewera masewero 310 a NBA ku matimu asanu ndi imodzi, avereji yake ili pafupifupi mapointi 7 pa masewero. Zaka zisanu ndi ziwiri zosaka khomo, miyezi ingapo ya ulemerero, kenaka bondo.

Tsopano tifike pa ntchito yomwe yamutchukitsa. Amene adaonapo Legler pa pulogalamu ya SportsCenter ya usiku, makamaka ali ndi Scott Van Pelt, akudziwa kachitidwe kake. Amaimirira pa sikirini yaikulu yogwira ndi chala, n'kuimitsa chithunzi pakati pa masewero. Sazunguliza mzere pa munthu amene ali ndi mpira, koma pa wina amene waima pakona, mbali yomwe maso athu tonse sadapiteko. Kenaka amakuonetsani womaka munthu wa pakonayo, momwe wasendera phazi limodzi kulowera pansi pa ringi pofuna kuthandiza mnzake amene wapitiriridwa. Amabweza chithunzi pang'ono, n'kuchiyendetsanso, kuti muone nokha kuti phazi limodzi lomwelo ndilo latsegula njira, ndipo kuti chigoli chomwe tonse tachiombera m'manja chidakonzeka masekondi atatu mpira usanachoke m'manja mwa woponya. Mukaonera masewero otsatira, mumapezeka kuti maso anu ayamba kupita pakona paja okha.

Luso limeneli silidachokere m'buku. Pakona paja ndi pomwe Legler adakhala moyo wake wonse wa pabwalo. Sadali wothamanga kwambiri, sadali wodumpha modabwitsa, ndipo ndi msinkhu wa mamita 1.93 sakadatha kukankha anthu pansi pa ringi. Kuti aponye mpira umodzi, ankayenera kuwerenga mapazi a womumaka, kudziwa nthawi yomwe mnzake wamkulu thupi aimire kuti amutchingire njira, ndi kufika pamalo pake mpira usanafike. Zomwe akutionetsa pa sikirini lero ndi zomwe ankaziwerenga kuti asachotsedwe ntchito. Katswiri weniweni, amene thupi lake limachita zinthu iye asanaganize, nthawi zambiri amavutika kufotokoza momwe amachitira, chifukwa sadafunikepo kuziphwanya m'zidutswazidutswa. Mukamufunsa chifukwa chomwe timu yagonjera, amakuuzani kuti osewera sadaifune mokwanira, kapena kuti katswiri wawo sadadzuke bwino, mayankho omwe wina aliyense wokhala pa mpando kunyumba angapereke. Magic Johnson, mmodzi mwa osewera anzeru kwambiri omwe adakhalako, adathirirako ndemanga ku NBC kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo si ntchito yomwe anthu amamukumbukira nayo.

Otsutsa maganizo angawa ali ndi mfundo zomwe sindingazinyozere. Yoyamba ndi ya ndalama. Mu 2024 NBA idasainirana mgwirizano wa zaka 11 ndi Disney, yomwe ndi mwini wa ESPN ndi ABC, komanso NBC ndi Amazon, wa ndalama pafupifupi madola 76 biliyoni. Kampani yomwe yalipira ndalama zotere ifuna anthu ochuluka pa kanema, ndipo anthu amakopeka ndi mayina. N'chifukwa chake NBC idathamangira Michael Jordan ndi Carmelo Anthony, pomwe Amazon idatenga Dirk Nowitzki ndi Steve Nash. Komanso palibe angakane kuti Charles Barkley, katswiri wotheratu, ndi mmodzi mwa anthu okondedwa kwambiri pa kanema wa masewero, chifukwa amaseketsa ndipo saopa kunena zakukhosi. Zonsezi n'zoona. Koma taonani pulogalamu yomweyo ya Inside the NBA yomwe Barkley amakhalapo ndi Shaquille O'Neal. Ikafika nthawi yofotokoza chomwe chachitika pabwalo, amene amadzuka kupita pa sikirini yaikulu ndi Kenny Smith, munthu amene sadasankhidwepo pa All-Star ndipo adasewerera matimu asanu ndi imodzi. Ngakhale m'nyumba ya akatswiri, ntchito yophunzitsa imagwera wosewera wamba. Dzina likhoza kuchititsa munthu kutsegula kanema, koma masewero a basketball amatenga maola awiri ndi theka, ndipo m'maola amenewo woonera amafuna womuthandiza kuona.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti Legler sadasewerepo fainolo ya NBA, ndiye angatiuze bwanji momwe mtima umagundira masewero a chikho akatsala mphindi imodzi? Funsoli lili ndi mphamvu, ndipo n'chifukwa chake kukhalapo kwa Richard Jefferson pambali pake kuli kofunika, popeza iyeyo adasewera fainolo ndi New Jersey Nets mu 2002 ndi 2003, natenga chikho ndi Cleveland Cavaliers mu 2016. Komabe nkhani ya kugunda kwa mtima imanenedwa kamodzi kapena kawiri n'kutha. Zomwe zimachitika maulendo oposa 90 mbali iliyonse pa masewero amodzi ndi timu kukonza njira yochinyira ndi inzake kukonza yotchingira, ndipo zimenezo n'zomwezo kaya ndi mu Novembala kaya ndi mu Juni. Ndiponso sindikhulupirira kuti munthu woponya mpira pa tsiku lachisanu ndi chinayi la kontrakiti ya masiku 10, akudziwa kuti akaphonya abwerera ku Omaha, sadziwa chomwe chimatchedwa mantha.

Mfundo yachitatu ndiyo yovuta kwambiri, ndipo ikukhudza munthu amene Legler adalowa m'malo mwake. Doris Burke, amene mu 2024 adakhala mayi woyamba kuthirira ndemanga pa kanema pa fainolo ya NBA, sadasewerepo mu ligiyo. Mpira wake adausewera ku Providence College. Jeff Van Gundy, amene ambiri amamutenga ngati wothirira ndemanga wabwino kwambiri wa m'badwo uno, adali kochi ndipo nayenso sadasewerepo mu NBA. Ngati anthu awiriwa adatha kufotokoza mpira bwino chotero, ndiye kuti kuyendayenda m'matimu si chinsinsi chokhacho. Ndikuvomereza, ndipo ndikuwonjezeranso kuti oyendayenda ambiri amasiya mpira opanda luso lililonse loyankhulira pagulu. Chomwe chikugwirizanitsa Burke, Van Gundy ndi Legler n'chakuti onse atatu sakadapatsidwa mpando chifukwa cha dzina, choncho adazolowera kufika pa ntchito atakonzekera, ataonera makanema a masewero ndi kufunsa makochi. Kuyendayenda ndi imodzi mwa njira zomwe zimaumba chizolowezi chimenechi, ndipo ndi njira yomwe imawonjezerapo chinthu chomwe kochi alibe, chomwe ndi kudziwa momwe malangizo a kochi amamvekera kwa wowalandira atatopa. Kusankhidwa kwa Legler sikufunika kutengedwa ngati chigamulo chakuti Burke adalephera. Iye adatsala ku ESPN ndi kontrakiti yatsopano, ndipo mavuto a gulu lomwe adalimo sadayambe ndi iye.

Mavutowo adayamba ndi kampani yeniyeniyo. Mu 2023 ESPN idachotsa Van Gundy ndi Mark Jackson, omwe adali ataulutsa mafainolo 15 pamodzi ndi Breen. M'malo mwawo idaika Burke ndi Doc Rivers, kochi wa dzina lalikulu, koma pofika Januwale 2024 Rivers adali atanyamuka kukaphunzitsa Milwaukee Bucks. Idabweretsa JJ Redick, amene ankafotokoza bwino ndithu, ndipo n'zosadabwitsa kuti nayenso adali woponya kutali wodutsa m'matimu asanu ndi imodzi, koma mu Juni chaka chomwecho adapita kukakhala kochi wa Los Angeles Lakers. Kenaka kudabwera Jefferson. Nthawi yonseyi Legler adali m'nyumba momwemo, akugwira ntchito ya usiku yomwe otsatira mpira ankagawana pa intaneti m'mawa mwake, pomwe mabwana ake ankayang'ana kunja kufuna munthu wodziwika kwambiri. Awiri mwa omwe adawasankha ankaona mpandowo ngati pousira podikira ntchito ina. Zidatengera zaka 25 ndi anthu awiri kuchoka kuti kampaniyo itembenukire kwa munthu amene ntchitoyi adaitenga ngati yake.

Kwa ife oonera tili kutali nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Masewero ambiri a NBA amayamba kuno kwathu cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku, ndipo ambiri mwa odzuka nthawi imeneyo ndi achinyamata omwe amasewera basketball pa mabwalo a simenti a kusukulu, ena opanda kochi wodziwa bwino. Kwa mnyamata kapena mtsikana wotere, wothirira ndemanga ndiye mphunzitsi amene angamufikire. Kumva katswiri wakale akukumbutsa za masiku ake sikungamuthandize mawa akafika pabwalo, koma kuonetsedwa pomwe phazi la womaka liyenera kukhala kungasinthe kaseweredwe kake sabata yomweyo.

Sindikunena kuti ntchito ya Legler pa mpando watsopanowu ndi yophweka. Mu situdiyo amakhala ndi mphindi zitatu kapena zinayi ndi sikirini yake, pomwe masewero ali mkati amakhala ndi masekondi 10 kapena 15 pakati pa chigoli ndi chinzake, ndipo masekondi omwewo akugawana ndi anthu ena awiri. Ayenera kufupikitsa zomwe adazolowera kuzitambasula, ndipo Jefferson, amene amakonda nthabwala, ayenera kudziwa nthawi yomusiyira mpata. Zimenezi zimafuna nthawi, ndipo nthawi ndi chinthu chomwe ESPN yakhala ikuwamana anthu ake kuyambira 2023. Breen, Van Gundy ndi Jackson sadamvane tsiku limodzi. Kampaniyo iwasiye atatuwa pamodzi kwa masizoni angapo, ndipo katswiri wina wotchuka akadzapuma mpira n'kuyamba kufunsira maikolofoni, adzampezere malo mu situdiyo, osati pa mpando wa Legler.